Kadontho ndi Kanyenyezi

"Ndimwe, ba Muyangwa! Ndimwe munagwira matesiti anga, osakana!"

Vailet ananena zimenezi asanatule n'komwe chikwama. Anaima pakhomo la ofesi, fumbi la ku Maramba lidakali m'mapazi, chala chikuloza Muyangwa, mkulu wa olemba mapulogalamu a kompyuta, amene anali kuthira shuga mu tiyi. Bamboyo sanatembenuke msanga. Anatakasa, n'kugogoda supuni pakamwa pa kapu, kenako n'kumuyang'ana.

"Mwauka bwanji, ba Vailet?"

"Za moni siyani. Pateni yanga inali yonse, mawu onse. Manje pasala chabe kadontho na kanyenyezi. Anaika ndani?"

"Ndine."

Kuvomera kofulumiraku kunamudzidzimutsa. M'minibasi monse ankakonza zodzanena munthuyu akakana, koma za kuvomera sanaziganizire.

"Manje ngati ndimwe, ba Inonge akambila chani ati ndine ninaocha pampu?"

"Pamwamba pa failo pali zina yako. Nkala pansi, uwerenge mbiri ya failo. Yonse, osati chabe pamene pakukondweletsa."

Vailet sanakhale pansi.

Kampani yawo, ya zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya matayala, inkapanga timabokosi toyendetsa mapampu a sola a pa zitsime. Mwini munda amalemba yekha dongosolo lake pa foni: pampu iyake nthawi yakuti, izime nthawi yakuti. Koma kabokosi sikamva mawu a munthu. Pakati pamakhala pulogalamu yotchedwa kompaila, imene imawerenga zomwe mlimi walemba n'kuzisandutsa malamulo amene kabokosi kamamva. Mlimi akalakwitsa, kompaila imayenera kukana, n'kumuuza m'Chinyanja mzere umene walakwitsa. Inonge, mwini kampani, ankanyadira pamenepa akamatsatsa malonda: "Makina yathu siyalola kuti mulakwise."

Ntchito ya Vailet inali kuyesa kompailayo. Ankaipatsa dala madongosolo olakwika kuti aone ngati ikana ndi mawu oyenera. Matesiti oterewa analipo mazana, ndipo ankayendetsedwa tsiku lililonse, choncho munthu sakanatha kumawerenga mayankho onse ndi maso. M'malo mwake amalemba pateni, imene ena amati rejekisi: kamzere ka zilembo ndi zizindikiro kofotokoza mmene yankho loyenera limaonekera. Yankho likagwirizana ndi pateni, tesiti imaonetsa kobiriwira. Likasiyana, kofiira. M'kalembedwe ka mapateni, kadontho kotsatidwa ndi kanyenyezi, `.*`, kamatanthauza "chilichonse". Tesiti yokhala ndi tizizindikiro tiwiriti tokha ili ngati mlonda amene amatsekulira aliyense wogogoda. Ngakhale kompaila itatukwana, tesiti yotereyi ingati zonse zili bwino.

Loweruka, pampu ya mlimi wina dzina lake Moono inapsa. Dongosolo lake linalibe nthawi yozimira, kompaila sinakane, ndipo pampu inayenda mpaka madzi anatha m'chitsime, n'kupitirizabe. Lamulungu masana Inonge anaimbira Vailet. "Tesiti ya ichi chinthu ni yako, ndipo inali ya girini. Pa Chinayi tizakamba za malo yako."

Miyezi itatu yoyesedwa pa ntchito inali kutha sabata yomweyo. Vailet analibe digiri, analibe dipuloma. Zonse anaziphunzira pa foni ndi pa laputopu yakale yomangidwa ndi tepi pa mahinjesi, atakhala kuseri kwa shopu ya amayi ake mu msika. Ankadziwa bwino kuti mu ofesi mukanunkha, oyamba kununkhizidwa ndi amene alibe pepala. Atangomaliza kulankhula ndi Inonge anatsekula failo ya tesitiyo, n'kuona kadontho ndi kanyenyezi pamalo pamene iye analemba mzere wathunthu. Anayang'ana amene anasintha komaliza, n'kuona dzina la Muyangwa. Sanawerengenso china. Mutu unali utatentha kale.

"Imwe muli na mapepa, so mungachite vilivonse," anatero tsopano. "Mwaononga, muniponyera ine."

"Sininakuponyere. Nakuuza werenga."

"Nizawerenga nikafuna."

Anatsika masitepe aja mothamanga, mpaka wogulitsa matayala anadzutsa mutu kufunsa ngati kumwamba kwabuka moto.

Sanadziwe chifukwa chenicheni chimene anapitira kumunda kwa Moono. Mwina ankafuna umboni. Mwina ankangofuna kukwiyira pamalo ena. Anakwera minibasi ya njira ya ku Kazungula, n'kutsika pamene kondakitala anamuuza, kenako n'kuyenda pansi mu mchenga wotentha wa Okutobala. Munda unali wozunguliridwa ndi waya, ndipo pa wayapo panali timasanza topakidwa tsabola ndi oyilo, toopsezera njovu. M'kati munali mizere ya repu ndi tomato, masamba atagwa ngati makutu a galu wodwala.

Moono anali bambo wamtali, wa imvi m'ndevu. Vailet anamupeza akutsitsa zigubu za madzi pa wilibala. Madziwo ankakawatunga kwa mnansi wake, mtunda ndithu.

"Mwachokela ku kampani?" anafunsa, akupukuta manja pa buluku. "Mwabwelesa pampu?"

"Awe, ba tate. Nabwela chabe kuona."

"Onani."

Pampu anali ataivuula, ili gone pa thumba pansi pa mtengo. Inkanunkhabe waya wopsa. Moono anafotokoza mosakweza mawu. Anali ndi maliro a mlamu wake ku Kalomo, ndipo analemba dongosolo latsopano m'mawa wonyamuka, mofulumira, minibasi ikumudikira. Anaiwala mzere wozimitsa.

"Ine nilibe sukulu yambili," anatero. "Ndiye chifukwa ninafunsa amai aja ba kampani kawili. Ninati, nikalakwisa? Bati makina izakana. Kudala inali kukana zoona, inanikanilapo katatu. Manje iyi siku sinakane. Inalemba tumawu twa yelo, yapitiliza. Ine ninaona ati yavomela."

Anatulutsa foni yosweka galasi n'kumuonetsa. Mawu anali pomwepo, achikasu: *chenjezo: pampu ilibe nthawi yozimira*. Pansi pake: *zatheka*.

Vailet anayang'anitsitsa mawu oyambawo. Chenjezo. Pamene iye ankalemba tesiti, mawuwo anali *cholakwika*, ofiira, ndipo kompaila inkaimira pomwepo osapitiriza. Wina anaifewetsa kompaila, ndipo tesiti imene ikanakuwa inali itatsekedwa kale pakamwa.

"Imwe ndimwe ndani kuja?" anafunsa Moono.

"Ndine niyesa makina ngati yasebenza bwino."

Bamboyo sanamutukwane. Anangonyamula chigubu n'kuyamba kuthirira repu, pang'onopang'ono, tsinde lililonse kapu imodzi. Vailet anakhumba akanamutukwana, chifukwa wotukwana umatha kumuyankha. Anatenga chigubu china n'kuthirira mzere wachiwiri, ndipo Moono sanamuletse.

Lachiwiri sanapite ku ofesi. Anatumiza uthenga kuti agwirira ntchito kunyumba, koma kunyumba magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndiye anapita ku msika wa Maramba, ku kashopu ka amayi ake. Amayi Daisy ankasoka mayunifomu a sukulu pa makina opalasa ndi mapazi. Makinawo anabwera ndi bambo awo kuchokera ku Malawi kalekale, ndipo mayiyo ankakonda kunena kuti sanayambe adikirirapo magetsi.

"Wabwera ndi nkhope ya maliro," anatero osasiya kupalasa. "Wamenyana ndi ndani lero?"

"Palibe."

"Palibe uja ali ndi dzina. Khala uko, usandiponderetu nsalu."

Vailet anakhala pa thumba la zidutswa, laputopu pa maondo, batire ikuonetsa theka. Cholinga chake chinali chimodzi: kupeza tsiku ndi ola limene Muyangwa anaononga, kuti Lachinayi akaziyale pamaso pa Inonge. Anatsekula mbiri ya failo. Mbiriyi imasunga kusintha kulikonse, dzina la wosintha, ndi timawu tofotokoza chifukwa chake.

Kusintha kwa Muyangwa kunali kwa mwezi wa Ogasiti, Lachisanu. Timawu take tinati: "Matesiti makumi anayi alephera pa kompyuta ya ofesi. Pa laputopu ya Vailet yokha ndi pamene akudutsa. Mabokosi akuyenera kutuluka lero. Ndamasula mapateni, tidzakonza Lolemba."

Pa laputopu ya Vailet yokha.

Anabwerera m'mbuyo, kukaona pateni yake yoyamba, imene ankainyadira ija. Inali yaitali, yokwana, mawu onse a kompaila kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Ndipo koyambirira kwake kunali izi: `/home/vailet/nchito/munda.pampu`.

Kompaila ikamadandaula imayamba ndi kutchula malo amene failo ili. Iye anangokopera yankho lonse monga linatulukira pa laputopu yake, n'kuliika mu pateni pamodzi ndi dzina la foda yake. Pa kompyuta ina iliyonse padziko lapansi, pamene panalibe foda yotchedwa vailet, tesitiyo inkayenera kufiira, kaya kompaila ili bwino kaya ayi. Ndipo anachita zimenezi pa matesiti makumi anayi.

Anayesa kukumbukira Lachisanu limenelo. Linali tsiku limene anapempha kuweruka masana kuti aperekeze amayi ake ku kiliniki. Lolemba lake anapeza zonse zili zobiriwira, ndipo sanafunse kanthu. Ankayenda mu ofesimo ngati munthu amene ntchito yake ilibe banga.

"Bwanji wangoti duu?" anafunsa amayi ake.

"Ndinalakwitsa ndine, amama. Osati zonse. Koma poyambira."

Anawafotokozera mmene akanathera. Mayiyo anamvetsera akudula ulusi ndi mano.

"Ndiye unasoka diresi ya kasitomala poyesa pa thupi lako."

"Eya."

"Mnzakoyo ataona kuti sikulowa, anang'amba misoko yonse n'kumufunditsa kasitomala ngati chitenje."

Vailet anaseka mosafuna.

"Nonse awiri sindingakulembeni ntchito," anatero mayiyo. Ananyamula shati ya sukulu imene inali pa makina n'kuitambasula. "Taona iyi. Mwana wake sindinamuone, mayi ake angonditumizira msinkhu. M'khwapa ndasiya malo, chifukwa ana amasiyana, ndipo amakula. Koma pa kolala sindisiya malo. Kolala ikakhala yotayirira, aphunzitsi amubweza pa geti. Ntchito yonse ndi kudziwa pomasula ndi pomanga. Ndipatse sizasi iyo."

Vailet anawapatsa. Mkwiyo wake sunathe, koma unasowa poima. Kuyambira ali mwana ankadana ndi kunamiziridwa. Ali giredi seveni anakana kulowa m'kalasi masiku atatu chifukwa anamukwapula pa phokoso la mnzake. Nthawi zonse chilungamo ankachiona ngati chinthu chimene ena amulanda. Sanaganizepo kuti tsiku lina chidzafuna kuti iyenso atulutse kanthu m'thumba mwake.

Panalinso ganizo lina limene linamubwerera kangapo madzulo amenewo, ndipo sanalithamangitse msanga. Inonge sankawerenga mbiri ya mafailo. Lachinayi akanatha kuonetsa kusintha kwa Muyangwa kokha, kadontho ndi kanyenyezi ndi dzina lake pambali, osatsika m'munsi. Sakananama liwu ndi limodzi lomwe. Koma anakumbukira mawu a Muyangwa aja, akuti osati pamene pakukondweretsa pokha, ndipo zinamunyansa kuti munthu amene anamukalipira pamaso pa anthu ndi amene ananena zoona.

Lachitatu anafika ku ofesi m'mawa, n'kupereka moni. Muyangwa anayankha ngati Lolemba kunalibe.

Anayamba ndi tesiti ya pampu yosazima. Failo yoyesera inali ya mizere isanu ndi inayi, ndipo cholakwika chadala chinali pa mzere wachisanu ndi chiwiri. Anadzifunsa pa chidutswa chilichonse cha yankho: ichi chikasintha, mlimi apwetekeka? Dzina la foda likasintha, palibe amene apwetekeke. Pamenepo anamasula, koma osati ndi kadontho ndi kanyenyezi kamene kamameza mzere wonse. Analemba kuti chilichonse chiloledwe mpaka pa dzina la failo, osapitirira. Pa nambala ya mzere anayamba walemba `\d+`, kutanthauza nambala ina iliyonse, kenako anaima. Nambala iliyonse? Kompaila ikadzasokonezeka n'kumauza Moono kuti walakwitsa pa mzere wachitatu pamene cholakwika chili pa wachisanu ndi chiwiri, bamboyo adzakhala akufufuta mzere wabwino, minibasi ikumuimbira hutala. Anafufuta, n'kulemba 7. Mawu akuti *cholakwika* anawalemba onse, chilembo ndi chilembo. Kumayambiriro ndi kumapeto anaika zizindikiro zotsekera, kuti pasadzalowe china kutsogolo kapena kumbuyo.

Muyangwa anali ataima kumbuyo kwake, kapu m'manja.

"Manje uziba bwanji kuti igwila?" anafunsa.

"Nizaiyendesa."

"Ikapasa girini, uzaziba chani? Na yanga ya kanyenyezi inali kupasa girini."

Vailet anatsala pang'ono kumuyankha mwaukali, koma funsolo linamukola. Tesiti imene sunaionepo ikufiira, sudziwa ngati imatha kufiira. Iye sanachitepo zimenezi. Ankalemba, n'kuona kobiriwira, n'kupita pa ina.

"Nizaiyesa pa kompaila yakudala, yamene inali kukana," anatero pang'onopang'ono. "Ifunika girini. Elo pa ya manje, ifunika redi. Pa laputopu yanga na pa kompyuta ya ofesi, konse."

"Chita."

Anachita. Pa kompaila yakale, kobiriwira, pa makompyuta onse awiri. Pa ya tsopano, kofiira. Sanayambe wakondwerapo ndi mtundu wofiira ngati tsiku limenelo. Kenako anayamba kuiyendetsa pa kusintha kulikonse kwa kompaila kuchokera mu Ogasiti, kumodzikumodzi, kufuna tsiku lenileni limene *cholakwika* chinasanduka *chenjezo*. Kunja, wogulitsa matayala ankamenya limu ndi nyundo. Kobiriwira, kobiriwira, kobiriwira. Pa kusintha kwa pa 12 Sepitembala, kofiira.

Dzina linali la Muyangwa. Timawu tinati: "Mwa pempho la ba Inonge. Loji ya alendo ikufuna pampu ya kasupe wokongoletsa pa khomo iziyenda osazima. Kompaila isakane, ingochenjeza."

Anatembenuka. Muyangwa anali kuyang'ana m'kapu mwake.

"Munali kuziba," anatero Vailet.

"Ninakumbuka pa Sondo, pamene ninamvela za pampu."

"Elo munankala chabe zii?"

"Nili na bana batatu ku sukulu, Vailet. Iwe ukali mwana, ukamba vilivonse." Anaika kapu pa tebulo. "Ba Inonge bananiuza mu koridoo, ati chita lelo, ba loji babwela mailo. Ninachita, nayendesa matesiti, yonse girini. Ninaiwala ati ndine ninayachosa meno. Lolemba ija ninalemba ati tizakonza, sinabwele."

"Mailo pa Chinayi muzakamba kuli ba Inonge?"

Muyangwa anatenga kapu yake n'kupita kukaitsuka, ngakhale tiyi anali asanathe.

Vailet anatsala akukonza mapateni ena makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Iliyonse ankaiona ikufiira kaye asanaikhulupirire. Iwiri inavumbula zolakwika zina zazing'ono zimene palibe ankazidziwa. Pofika nthawi yoweruka maso ankamuwawa, koma anazindikira kuti ntchitoyi amaikonda kuposa mmene ankaganizira, ndipo zimenezi zinangowonjezera mantha a mawa. Ntchito ina yotere mu Livingstone muno, kwa munthu wopanda pepala, akanaipeza kuti? Akanabwerera kukathandiza kusita mayunifomu.

Lachinayi Inonge anawaitana onse awiri m'chipinda chake. Anali mayi wa changu, wovala bwino, amene anayamba kampaniyi yekha ndi kabokosi kamodzi kolumikiza pa tebulo la kunyumba kwake ku Dambwa. Vailet ankamusirira, ndipo zimenezi zinkapangitsa kuti nkhaniyi iwawe kwambiri. Pa desiki panali pepala lotayipidwa kale, ndi cholembera pamwamba pake.

"Sinifuna kutaya nthawi," anatero Inonge. "Ba Moono tizabapasa pampu ina, iyo nasiliza. Koma balimi bonse ba kuja bamvela, elo bafuna kuziba chinachitika. Nalemba kalata. Vailet, sinikuzonda. Uli na nzelu. Koma tesiti inali yako."

Anamukankhira pepalalo. Kalatayo inkati vutolo linabwera chifukwa cha wogwira ntchito wina watsopano amene sanayese makina mokwanira, ndipo kampani yathana naye.

Vailet anaiwerenga kawiri. Mawu oyamba amene anabwera kukamwa anali amoto, ndipo anawameza.

"Nipempha mphindi zisanu," anatero, n'kutsekula laputopu yake ya tepi ija.

Anayamba ndi pateni yake yoyamba. Analoza dzina lake lili m'kati mwa mzere. "Apa ndine. Ninamanga pamene sipafunika kumanga. Matesiti fote yanali kusebenza chabe pa laputopu yanga. Elo sininayese pa kompyuta ina, sininafunse. Ichi nivomela, mungalembe na zina yanga yonse."

Inonge anagwedeza mutu, ngati kuti nkhani yatha.

"Sininasilize." Vailet anaonetsa kadontho ndi kanyenyezi. Asanatsekule pakamwa, Muyangwa anakhosomola.

"Apo ndine," anatero, maso ali pa zenera. "Ninamasula yonse kuti mabokosi yachoke. Ninati nizakonza, sininakonze. Mwana uyu sininamuuze."

Vailet anamuyang'ana. Sanayembekezere. Muyangwa sanabweze maso.

Kenako Vailet anatsekula kusintha kwa pa 12 Sepitembala, n'kutembenuza laputopu kuti Inonge awerenge yekha. Mayiyo anawerenga. Anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Ine sininauze munthu kuti aononge tesiti," anatero.

"Zoona. Simunauze."

"Ninapempha chabe kasupe. Ija loji ndiye kasitoma mukulu tili naye. Ukanankala pa mupando uno, sembe unachita chimozimozi."

"Kapena. Koma kompaila ni imozi, ba Inonge. Yamene iyendesa kasupe ya ba loji ndiye iyendesa na chisime cha ba Moono. Munabauza ati makina izakana. Bananiuza beka, ati banafunsa kawili. Pamene munapempha kuti ileke kukana, munabauza?"

"Unayenda kumunda?"

"Ninayenda. Batapa manzi na wilibala."

Pansi, nyundo ya wa matayala inayambanso.

"Vailet, mvela," anatero Inonge, mawu atatsika. "Kalata ifunika kunkala yaifupi. Balimi sibazamvela vya mapateni. Bafuna chabe kuziba kuti tachitapo kanthu. Nikalemba ati mwine wa kampani ndiye anasintha, ndani azagula futi? Tonse tizankala pa msewu, na ba Muyangwa, na iwe wamene. Nizakulembela kalata yabwino yofunila nchito kwina. Nizakamba na banzanga ku Lusaka."

Vailet anaona kuti mayiyo sakunama. Mantha ake anali enieni, ndipo mwina kampani ikanagwadi. Anaganiza za zimenezi moona mtima, kwa kanthawi. Kenako anayang'ananso kalata ija, mawu akuti *wogwira ntchito wina watsopano*, ndipo anaona chimene chinkamunyansa. Mawuwo anamasulidwa dala kuti akwane munthu mmodzi yekha amene sangabweze, ndipo zina zonse zidutse osaoneka. Miyezi ikubwerayi wina adzapemphanso chinthu mu koridoo, ndipo kalatayi sidzaletsa kanthu.

Anayendetsa tesiti yatsopano pamaso pawo. Kofiira kanadzaza sikirini.

"Iyi ni kompaila yamene ili mu mabokosi ya balimi lelo," anatero. "Ikali kuvomela pampu yosazima. Kunichosa ine sikuzaisintha. Nakonza matesiti yonse fote, yasebenza pa kompyuta iliyonse, elo iyi izankala redi mpaka munthu akonze kompaila. Olo imwe mukapempha futi, izakuwa. Ndiye nchito yake."

Anakankhira kalata ija pakati pa desiki, pamodzi ndi cholembera.

"Ngati munichosa chifukwa ninalakwisa, nizayenda, sinizalila. Koma pa iyi pampu pali manja ya banthu batatu, elo mu kalata muli munthu umozi. Ba Muyangwa bavomela yao. Ine navomela yanga."

Inonge anagwira cholembera, osalemba. Anayang'ana Muyangwa, koma Muyangwa ankayang'ana sikirini yofiira ija.

"Tizakamba mailo," anatero mayiyo.

"Awe. Munati pa Chinayi, elo lelo ni pa Chinayi." Vailet anaimirira. "Ba Moono banafunsa kawili, munabayankha. Ine nifunsa kamozi chabe. Mu kalata iyi muzalemba banthu bangati? Niyankheni, ba Inonge."